Kwa mng'ono wathu wofuna kukathandiza pa nyumba zogona za m'phiri la Mulanje

Mng'ono wanga, funso lanu ndaliwerenga kawiri usiku wathawu, ndipo ndaona kuti ambiri akuyankhani mwachidule, ena angoti "pitani basi". Ndiloleni ine nditalikitseko, chifukwa ulendo umenewu ndauyenda katatu kuchokera kuno ku Chipata, ndipo pa ulendo woyamba ndinalakwitsa zinthu zimene sindikufuna kuti inunso mukalakwitse.

Kwa a mu gulu lathu lino amene simunalione funsolo, mnzathuyu akuti iye ndi anzake asanu, amene amakwera phiri la Kanjala kuno ku Chipata Loweruka lililonse, akufuna kupita ku Mulanje mu Ogasiti. Anamva kuti okwera mapiri amadzipereka kukonza nyumba zogonamo za m'phirimo ndi kukwezako katundu. Akufunsa kuti anyamule chiyani, alankhule ndi ndani, komanso ngati tingamange nyumba yotere pa mapiri athu kuno.

Tiyambe ndi nyumbazo, kuti mudziwe chimene mukukachiona. Mulanje si phiri limodzi losongoka monga tazolowera kuno. Ndi chimtunda chachikulu chokhala ndi madambo, zigwa ndi nsonga zambiri pamwamba pake, ndipo nsonga yayitali kuposa zonse, Sapitwa, ndi ya mamita 3,002. Munthu amatha kuyenda mmenemo sabata yathunthu osatsikako. N'chifukwa chake munamangidwa nyumba pafupifupi khumi, motalikirana mwakuti ukanyamuka pa ina m'mawa umafika pa inzake dzuwa lisanalowe: Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu, Madzeka, ndi ina ya mpingo wa CCAP cha ku Lichenya komweko. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo nyumba zambiri zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nkhalango. Gulu la okwera mapiri la Mountain Club of Malawi, limene linayamba mu 1952, lakhala likuthandiza kuzisamalira ndi kuikamo ziwiya. Musayembekezere loji ayi. Ndi nyumba za matabwa kapena miyala, denga la malata, malo osonkhapo moto, chimbudzi chokumba panja, madzi a mumtsinje. Ndipo pa nyumba iliyonse pali mlonda.

Mlondayo ndiye mutu wa nkhani yanga yonse. Iyeyo ndi amene amakutungirani madzi, kukupatsani nkhuni, kusesa mukachoka. Amadziwa kuti lata lodontha ndi liti, chifukwa ndi amene amatcherapo ndowa mvula ikamagwa. Inu mukagonamo usiku umodzi kapena uwiri, iye amakhala komweko masabata, kutali ndi banja lake.

Ulendo wathu woyamba tinapita anthu asanu, mitima ili m'mwamba. Tinasonkha ndalama n'kugula penti, zitini zikuluzikulu ziwiri, chifukwa pa chithunzi china tinaona chitseko chosuwa ndiye tinati apa pafunika penti. Sitinafunse munthu aliyense. Titafika ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya za nkhalango ndi kumene ambiri amayambira kukwera, anyamata onyamula katundu anabwera kudzatilonjera, ife n'kuwakana. Tinkati tabwera kudzadzipereka, ndiye thukuta likhale lathu. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire ndithu, anangoti, "Chabwino mabwana, muyende bwino," n'kubwerera kukakhala pansi pa mtengo. Nkhope yake ndimaikumbukira mpaka lero. Tsiku limenelo tinamulanda ufa wa ana ake, ife tikudziona ngati tikuchita zabwino.

Tinafika pamwamba mdima utagwa, mapewa atatupa. M'mawa mwake kunagwa chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza, matabwa onse ali chinyontho, penti wosapakika. Mlonda anatilandira mwaulemu, anathokoza pentiyo, kenako pocheza pamoto anatiuza modekha kuti chimene chinkamusowetsa tulo ndi malata awiri amene mphepo inkawakakatula usiku, ndipo analibe misomali. Misomali yodzaza dzanja limodzi. Ndikanatha kuiika m'thumba la malaya.

Choncho choyamba ndi ichi: funsani musanagule kanthu. Lemberani a Mountain Club of Malawi, ndipo mukafika kaonekereni ku ofesi ya za nkhalango ku Likhubula, muwauze chimene mwadzera. Palinso bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust limene limagwira ntchito yoteteza phirili ndi kubzala mitengo. Awa ndiwo amadziwa nyumba imene ili pa mavuto chaka chino. Nyumbazi zili ndi eni ake, simungangofika ndi hamala n'kuyamba kukhoma. Kwathu kuno mlendo sakwera pa denga la mwini mudzi asanapereke moni, ndipo m'phiri ndi chimodzimodzi. Funsaninso wokuperekezani m'phiri wodziwa njira, amene mudzapangane naye pa foni, chifukwa iwowa amadutsa m'nyumbazi kawirikawiri ndipo amamva madandaulo a alonda.

Chachiwiri, lembani onyamula katundu, ndipo muwalipire mtengo wake osanenerera mpaka kuwafinya. Ndikudziwa kuti ena mu gulu lino anena kuti ndiye kudzipereka kwake kuli pati ngati katundu anyamula ena. Ine ndikuti kudzipereka si kuonetsa mphamvu. Kwa anthu a m'midzi ya m'munsi mwa phirili, kunyamula katundu ndi kuperekeza alendo ndi ntchito imene imalipira sukulu ya ana. Munthu amene akupeza chakudya poperekeza alendo ali ndi chifukwa chofunira kuti phiri likhale lamoyo. Mukamutsekera khomo limenelo, njala ikhoza kumutuma kukacheka mitengo kapena kuotcha makala. Inu nyamulani zikwama zanu, katundu wa nyumba apatseni iwo, ndipo musawasenzetse mopitirira. Muonetsetsenso kuti nawonso ali ndi chofunda ndi chakudya, chifukwa kuzizira kwa pamwambapo sikusankha kuti uyu ndi mlendo uyu ndi wantchito. Anthu amenewa ndi amphamvu zedi, mpaka kumachitika mpikisano wothamanga m'phirimo umene unayamba ngati wa onyamula katundu, koma mphamvu sizichotsa njala.

Tsono za katundu. Akakuuzani chosowa, gulani chimenecho. Koma pali zinthu zimene m'maulendo anga sindinazionepo zitakanidwa: misomali ya malata ndi mahinjesi, loko wolimba, ndowa, mapoto okhuthala, sopo, machesi osungidwa m'botolo louma, nyali ya sola, mabandeji ndi mankhwala otsukira chilonda. Mabulangete amatha msanga chifukwa cha chinyontho ndi makoswe. Zolemera monga malata ndi simenti musavutike kuoloka nazo malire pa Mwami, kagulireni ku Limbe kapena pa Chitakale, ndalama yanu itsale kwa anthu a komweko. Kuchokera kuno tengani zopepuka. Ine ndimanyamulira mlonda kapenta, mchere, shuga ndi nsawa zathu za Chalimbana, zimene anzathu kumeneko amati mtedza. Mphatso imeneyo isalowe m'malo mwa kangachepe ka ndalama kamene mumamusiyira potsanzikana, zonse ziwiri n'zofunika.

Chinthu chimodzi ndikupempheni: musakatayire m'phiri zinthu zimene zakutopetsani kunyumba. Matiresi ong'ambika, tochi yakufa, mankhwala otha nthawi. Chilichonse chokwera phiri chimadzafuna munthu wochitsitsa.

Ntchito yeniyeni ya manja, ikapezeka, si yojambulitsa ayi. Ndi kuchapa mabulangete mumtsinje wozizira n'kuwayanika pa thanthwe. Kukwecha mapoto a mwaye. Kutseka mabowo a makoswe. Kuchotsa mwaye mu chumuni kuti utsi usabwerere m'nyumba. Kulambula udzu mozungulira nyumba kuti moto wolusa ukabwera usapeze podutsa, ndipo poti mukupita mu Ogasiti, udzu utauma, ntchito imeneyi ndi imene ndingaike patsogolo. Kukumba ngalande zopatutsa madzi m'njira kuti mvula isaisandutse chigwembe. Kuwerenga ziwiya n'kulemba chimene chasowa, kuti mukatsika mukapereke kwa eni ake. Ndipo potsika aliyense atenge thumba la zinyalala: zitini, mabotolo, mapulasitiki, ngakhale si inu munataya. Ulendo wanga wachitatu tinathera tsiku lonse pa chimbudzi chimene chitseko chake chinagwa. Palibe chithunzi chimene ndinaika pa Facebook tsiku limenelo, koma amayi awiri amene anafika madzulo ake anapeza malo odzithandizira mwaulemu, ndipo ndinagona mtima uli m'malo.

Za nkhuni ndilankhule mosabisa. Mulanje ndi kwawo kwa mkungudza, mtengo wa fuko la Malawi, umene mwachilengedwe umamera m'phiri limeneli basi. Matabwa ake amanunkhira ndipo chiswe sichiwakonda, n'chifukwa chake nyumba zina za m'phirimo zinamangidwa ndi mtengo umenewu, n'chifukwa chakenso ocheka mozemba aupulula mpaka wangotsala pang'ono kutheratu. Mukalowa m'nyumba yotere n'kumva fungo lake, dziwani kuti thabwa mwatsamiralo silingapezekenso mosavuta. Musalembepo maina anu ndi mpeni. Musasonkhe chimoto chachikulu usiku wonse kuti muzicheza. Phikani, othani pang'ono, lowani m'zofunda. Ngati muli ndi kachitofu ka gasi, katengeni. Ndipo pamsika akakutsatsani tibokosi ta mkungudza, ganizirani kawiri kumene mtengowo wachokera.

Za chitetezo, mwachidule. Kanjala asakunamizeni. Kuchoka ku Likhubula kufika ku Chambe ndi maola atatu kapena anayi a chitunda chenicheni, kaya mudzera njira ya Skyline kapena ya Chapaluka. Nkhungu imatha kutseka phiri kanthawi kochepa mpaka osamuona mnzako ali patsogolo pako. Pa Sapitwa anthu atayikapo, ena osabwerera amoyo, ndiye musapite opanda wokuperekezani, ndipo iye akati lero sitikwera, mverani. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula mbali zina za phirili ndi kuononga midzi ya m'munsi mwake, choncho njira imene mnzanu anadutsa kale isakupatseni chidaliro chonse. Kumbukiraninso kuti kwa eni dera phirili ndi malo a mizimu ya makolo, ndipo mu 2025 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe chimenechi. Akakuuzani mwambo wa pamalo pena, tsatirani monga mmene timafunira kuti mlendo achitire akafika ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kapena ku Mtenguleni pa Ncwala.

Pa za ulendo, dzipatseni tsiku lathunthu la pamsewu: Mwami, Mchinji, Lilongwe, Blantyre, kenako Mulanje. Mukagone m'munsi, mukwere m'mawa mutapuma.

Tsopano funso lanu lomaliza, loti timange nyumba pa mapiri athu. Maganizo anga ndi akuti ayi, osati panopa, ndipo ndikunena izi ngati munthu amene amakonda mapiri a Chipata kuposa a kwina kulikonse. Nyumba ya m'phiri imamangidwa pamene munthu sangathe kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo. Kanjala timakwera m'mawa, nsima ya masana tikudyera kunyumba. Mapiri a Mphangwe ku Katete nawonso safuna kugonera. Komanso kumanga ndi mbali yophweka. Chovuta ndi zaka makumi zotsatira: amulipira ndani mlonda, akhoma ndani lata likazuka, chimbudzi chikadzaza akumba ndani. Nyumba yopanda mlonda pafupi ndi tauni, malata ake sangaone mvula ziwiri. Za ku Mulanje zakhalitsa chifukwa pali anthu amene akhala akubwererako chaka ndi chaka, kuyambira agogo athu ali anyamata.

Koma ntchito imene mukukaiphunzira kumeneko, kuno ilipo yambiri. Yang'anani mapiri ozungulira tauni yathu mmene ayerera. Amene tinakulira kuno tikukumbukira ali ndi mitengo yothithikana, lero mvula ikagwa madzi amatsika ndi mchenga mpaka m'misewu ndi m'makomo mwa anthu. M'njira yathu ya Loweruka muli mabotolo a zakumwa amene tinasiya ndife tomwe. Malo a zojambula zakale za pamiyala monga Thandwe kuno, Mkoma ku Katete ndi Kalemba ku Chadiza amafunanso anthu owayendera mwaulemu. Pamenepa napo lamulo ndi lomwe lija: tiyambe takaonana ndi amfumu a dera ndi a ofesi ya za nkhalango, timvenso kwa amayi otola nkhuni ndi anthu amene amakwera kukapemphera, chifukwa phiri amalidziwa kuposa ife a nsapato zokwerera.

Mng'ono wanga, mukatsimikiza masiku ndiuzeni. Ndili ndi nyali ya sola yatsopano ndi zikwama ziwiri zimene ndingakubwerekeni. Ndipo Loweruka likudzali ndidzakhala patsinde pa Kanjala 6 koloko m'mawa ndi masaka opanda kanthu. Bwerani ndi anzanu asanu aja, tidzakambirane za mndandanda wa katundu wanu tikutola mabotolo.