Kodi mphamvu yokoka ikuthawira kwina?

Wowerenga wina wanditumizira imelo: "Ndamva zoti kupatula m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, chilengedwe chili ndi mbali zina zobisika, ndipo mphamvu yokokera zinthu pansi imathawira kumeneko. Zoona, kapena ndi nthano chabe?"

Achimwene, si nthano, koma palibe amene wazigwirapo umboni.

Tengani kamaginito mutole nako msomali. Dziko lonse lapansili likukoka msomaliwo, koma kamaginitoko kakuligonjetsa. Kufooka kwa mphamvu yokoka kumeneku n'kumene kumawasowetsa tulo akatswiri.

Nkhani ya mbali zobisika ndi yakale. Mu 1921 Theodor Kaluza anawonjezera mbali yachisanu pa masamu a Einstein (yachinayi ndi nthawi), ndipo malamulo a magetsi ndi maginito anangotulukira okha m'masamumo. Nanga bwanji mbaliyo sitiiona? Oskar Klein anayankha mu 1926 kuti inadzipinda n'kukhala yaing'ono zedi. Chingwe choyanikira zovala mukachionera patali chimangokhala mzere, koma nyerere imatha kuchizungulira.

Zoti mphamvu yokoka imathawa zinabwera mochedwa. Mu 1998 Arkani-Hamed, Dimopoulos ndi Dvali anati kuwala ndi ife tomwe tinamatirira m'mbali zathu zitatuzi, mphamvu yokoka yokha ndiyo imayendayenda konsekonse, n'chifukwa chake imatifika itatheratu. Mu 1999 Lisa Randall ndi Raman Sundrum anabweretsa mtundu wawo, wa mbali imodzi yopindika kwambiri.

Chimene chimandikomera ine n'chakuti ganizoli limayesedwa. Newton anati mtunda ukawirikiza kawiri, kukokana kumachepa kanayi. Mbali zobisika zikanakhala zokulirapo, lamuloli likanasokonekera zinthu zikayandikana kwambiri. Ku University of Washington, ku Seattle, anayeza kukokana kwa tizitsulo totalikirana mtunda wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo Newton sanagwedezeke. Ku CERN nakonso, malo a kafukufuku a ku Ulaya, makina a LHC owombanitsa tizinthu ting'onoting'ono sanapeze chizindikiro cha mbali zobisika.

Ndiye pa 17 Ogasiti 2017 makina a LIGO a ku America ndi a Virgo a ku Italy anatola mafunde a mphamvu yokoka ochokera ku nyenyezi ziwiri zolemera zomwe zinawombana mu mlalang'amba wa NGC 4993. Kuwala kunafika patangopita masekondi 1.7, pa ulendo wa zaka pafupifupi 130 miliyoni! Mafundewo sanafooke kuposa mmene ankayembekezera, kusonyeza kuti sanatayikire m'mbali zobisika panjira. Maganizo ambiri ofuna kukonza malamulo a Einstein anafera pomwepo.

Mbali zazing'ono ngati za Klein zija sizinatsutsidwe, poti makina athu sangafikeko. Koma wina akakuuzani kuti zapezeka, mufunseni kuti anayeza ndani, ndi chiyani.