Yankho kwa mayi a ku Santhe pa nkhani ya malisiti a EIS

Mayi ena a ku Santhe andilembera pa imelo. Ali ndi sitolo ya zipangizo zomangira, analembetsa VAT, ndipo akufunsa kuti akonzekere bwanji EIS, njira ya bungwe lotolera msonkho la MRA yodulira malisiti kudzera pa intaneti. Mawu awo omaliza andisowetsa tulo: "Ndikuopa kuti nditseka."

Mayi, mantha amenewo ndinagona nawo inenso. Mu 2014, pamene makina odulira malisiti a msonkho otchedwa EFD ankabwera, ndinali nditangolandira sitolo ya malemu bambo anga pa Kasungu boma. Bambo ankasunga zonse m'mutu ndi m'kope limodzi la chikuto chofiira. Alimi a fodya ankatenga malata, waya ndi misomali pa ngongole mvula ikamayamba, n'kudzalipira msika wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa. Ena ankalipiradi. Amalume akabwera ankakweza matumba awiri a simenti pa ngolo, n'kungoti "tionana, mphwanga," ndipo palibe ankalimba mtima kulemba dzina lawo. Ya ndiwo, ya chigayo, ya chipepeso pa maliro, yonse inkatuluka m'kabati yomweyo ya sitolo.

Makina atafika, ndinatseka chitseko masiku atatu, ine ndi mnyamata wogulitsa, kuwerenga katundu mmodzimmodzi. Matumba a simenti 46 amene kope linkati alipo panalibe. Malata ankaperewera mitolo iwiri. Ndinakhala pa ndowa ya penti n'kulira, chifukwa panalibe wakuba woti ndimuloze chala. Sitolo tinkaidya tokha, pang'onopang'ono ngati chiswe, kwinaku tikudabwa kuti phindu likulowera kuti. Mayi anga anandipeza pomwepo, nati, "Bambo ako anali munthu wa anthu." Zoona. Koma ngongole ya kwa ogulitsa simenti anasiyira ine.

Sindikunena kuti madandaulo a amalonda ndi opanda pake. Netiweki ya kumidzi kwathu kuno imabwera n'kupita. Magetsi akazima m'mawa, foni imafa kasitomala ali pakhomo ndi ndalama m'manja. Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti iwe wolembetsa umaika VAT pa mtengo, pamene mnzako wa benchi kutsogolo kwa sitolo yako akugulitsa loko yemweyo motchipa, wopanda lisiti, ndipo kasitomala amati wakuba ndiwe. Zimenezi ziyenera kukonzedwa, ndipo sindidzasiya kuzinena.

Komabe pali mawu amene ambiri safuna kumva. Ndalama ya VAT si yanu, mayi. Kasitomala amakupatsirani kuti mukapereke ku boma. Tikaitenga n'kuodera katundu, mwezi ukatha timayamba kuthamanga kukabwereka katapila, kenako n'kumati msonkho watigwetsa. Ine ndinachitapo zimenezi kawiri, ndipo kachiwiriko ndinagulitsa njinga yamoto. Wondiuza kuti sitolo yake ikuyenda bwino koma sadziwa kuti m'shelefu muli maloko angati, ameneyo sindimukhulupiriranso.

Ndipo EIS imafika patali kuposa EFD. Makina akale ntchito yawo yaikulu inali kudula lisiti. Njira yatsopanoyi imafunanso kudziwa katundu amene muli naye, lisiti lililonse limakafika ku MRA, ndipo limatuluka ndi QR code, kachizindikiro kojambula ndi foni, koti wogula atsimikizire kuti ndi lenileni. Ndiye thumba la amalume lija likatuluka osalembedwa, mabuku adzasonyeza kuti likadali m'sitolo. Mudzayankha chiyani? Achibale auzeni lero, mwaulemu koma mosabisa, kuti chotuluka chilichonse chizilembedwa. Adzakwiya mwezi umodzi. Anga anakwiya chaka chathunthu, ndipo azakhali ena mpaka pano amagula kwina.

Zoti muchite

Tengani TPIN, nambala yanu ya msonkho, mupite nokha ku ofesi ya MRA, akakuonetseni kalembetsedwe ndi chipangizo choyenera sitolo yanu, kaya foni kaya kompyuta. Musapereke ndalama kwa munthu wongodutsa amene akuti akulumikizani mwachidule. Kumene mumaoda, muziumirira lisiti lokhala ndi TPIN yanu, chifukwa popanda limenelo VAT imene munalipira pooda simungaichotsere. Gulani power bank, kapena kasola ngati mungathe. Wogulitsa wanu aphunzire limodzi nanu, osati mwana wa sukulu yekha amene Lolemba kulibe. Ya VAT muziipatula madzulo aliwonse, ngakhale pa nambala ina ya Mpamba kapena Airtel Money.

Koma zonsezi zisanachitike, tsekani Loweruka lino muwerenge katundu, chinthu chilichonse ndi dzina lake limodzi ndi mtengo wake. Yambani ndi misomali ndi mabawuti, ndi zimene zimadya nthawi. Mukatsiriza mundilemberenso, mundiuze chimene mwapeza.