Funsani Azakhali: Mwana wanga akusaka mafupa a dinosaur ku Epworth

FUNSO: Azakhali, ndine mayi wa ana atatu kuno ku Epworth, pafupi ndi Harare ku Zimbabwe, makolo anga anachokera ku Dedza. Mwana wanga wa giredi 5 aphunzira za ma fossil (zotsalira za zamoyo zakalekale zopezeka m'miyala) kusukulu ndiye basi mtima wonse uli komweko, akaweruka amatenga hamala ya bambo ake nkupita ku miyala yosanjikizana ya Balancing Rocks ati akukasaka mafupa a dinosaur. Akandifunsa kuti anthu amadziwa bwanji kuti fupa latha zaka mamiliyoni ndimangoti kafunse aticha ako. Ndimuthandize bwanji poti ine sukulu sindinapite nayo patali?

YANKHO: Mayi, choyamba mulandeni hamalayo, malo aja ndi otetezedwa, komanso olo ataswa mpaka Khirisimasi sapezamo kanthu. Miyala ya ku Epworth ndi ku Domboshava ndi ya granite, inali yosungunuka ndi kutentha kenako nkuzizira pansi panthaka zaka zoposa 2 biliyoni zapitazo, nthawi imene nyama yokhala ndi mafupa kunalibe ndi imodzi yomwe.

Ma fossil amapezeka m'miyala imene poyamba inali matope kapena mchenga. Nyama ikafera m'mbali mwa mtsinje madzi nkuikwirira msanga afisi asanaipeze, mnofu umaola koma mafupa amatsala, matope ena nkumabwera pamwamba chaka ndi chaka, kulemera kwake nkumapsinja a pansiwo mpaka kulimba, ndipo madzi oyenda pansi amasiya michere m'timabowo ta fupalo mpaka nalo lisanduke mwala.

Kuti amvetse za zakazo, mutengereni kudzala. Zinyalala za dzulo zili pamwamba, za chaka chatha zili pansi, sichoncho? Miyala yosanjikizana imateronso, wa pansi ndiye wamkulu, pokhapokha ngati nthaka inapindika kapena kutembenuzika. Mfundo imeneyi akaigwira, zinazi nzosavuta.

Ndiye pezani botolo lapulasitiki loonekera mkati, mulidule kukamwa. Lolemba athiremo mchenga ndi kachigoba ka nkhono, Lachiwiri dothi lakuda ndi tsamba, Lachitatu phulusa, kenako katondo ndi kafupa ka nkhuku, Loweruka mumufunse kuti chinayamba kulowa nchiyani ndipo wadziwa bwanji. Musamuuze yankho chonde, makolofe vuto lathu ndi kufulumira. Phulusalo sindinaliikemo mwangozi ayi. Akatswiri akapeza phulusa la phiri lophulika pakati pa miyala amasangalala kwambiri, chifukwa mumakhala timiyala tokhala ndi uranium amene amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika, ndiye akayeza amapeza zaka za phulusalo, fupa limene lili pansi pake ndi lakale kuposa pamenepo.

Ndipo asamaganize kuti izi ndi za ku America zokha monga amaonera pa TV. Mu 2022 analengeza za Mbiresaurus, dinosaur wamng'ono amene anapezeka m'boma la Mbire kuchigwa cha Zambezi, wa zaka pafupifupi 230 miliyoni, mmodzi mwa akale kwambiri mu Africa muno. Wina wotchedwa Vulcanodon anamupeza mu 1969 pachilumba cha m'nyanja ya Kariba. Malasha a ku Hwange aja nawonso ndi zomera za m'madambo akalekale zimene zinakwiririka. Kumudzi nako sitinatsalire, ku Karonga kuli dinosaur wotchedwa Malawisaurus, chifaniziro cha mafupa ake chaima m'nyumba yosungiramo zakale pa boma pomwepo, ndipo ku Uraha m'boma lomwelo mu 1991 anapeza nsagwada ya mtundu wa anthu akale ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Apa mumuuzenso kuti ma dinosaur akuluakulu aja anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, sanaonanepo ndi munthu, zothamangitsana zija nzamakatuni.

Ya basi ikapezeka patchuthi pitani naye ku Natural History Museum ku Bulawayo, nkumene kuli zambiri zoti aone ndi maso. Ndipo tsiku lina akadzaona chooneka ngati fupa m'mwala asadzachizule, ajambule pafoni, asunge malowo pamtima nkudziwitsa a ku museum, chifukwa fupa likachoka pamzere wake wa mwala akatswiri amavutika kudziwa zaka zake.