Funsani Aphunzitsi: Mneni alimo, nanga chiganizo changa n'chosatha bwanji?

FUNSO: Aphunzitsi, ndili Fomu 3 ndipo ndayamba kale kukonzekera mayeso a MSCE. M'chimangirizo changa ndinalemba kuti: "Sindinapite kusukulu. Chifukwa mtsinje unadzaza." Aphunzitsi athu anadula mzere kunsi kwa chiganizo chachiwiricho n'kulemba kuti n'chosatha, chonsecho mneni alimo. Kodi ndinalakwitsa pati? – Wophunzira wa ku Ntcheu

YANKHO: Aphunzitsi anuwo sanakulakwireni, pakuti kukhala ndi mneni pakokha sikupangitsa mawu kukhala chiganizo chathunthu. Mawu akuti "mtsinje unadzaza" ndi nthambi yoima payokha, chifukwa ali ndi mwininkhani ndi mneni, ndipo amene wawamva sadikiranso china. Koma mutangoika mlumikizi "chifukwa" patsogolo pake, mwaisandutsa nthambi yosaima payokha, imene ntchito yake ndi kufotokoza chimene chinachititsa zomwe zanenedwa m'nthambi inzake. Chotsani mpumiro umene munaika pakatipo, mulembe kuti: "Sindinapite kusukulu chifukwa mtsinje unadzaza." Chimenechi ndicho chiganizo cha nthambi. Pocheza timayankhadi kuti "chifukwa mtsinje unadzaza" basi, koma pamenepo funso la mnzathu ndilo limakhala latipatsa nthambi inayo, pomwe papepala palibe wokufunsani.

Alumikizi monga "ngakhale", "pamene", "mpaka" ndi "ngati" amachitanso chimodzimodzi. "Koma" ndi "ndipo" ndi osiyana, poti amalumikiza nthambi zimene iliyonse ikhoza kuima payokha, ndipo chotulukacho timachitcha chiganizo cha ziganizo.

Chimene ndikufuna kuti muchigwiritsitse, chifukwa ophunzira ambiri amangoloweza alumikizi n'kulekera pomwepo, n'chakuti m'Chichewa nthambi yosaima payokha kawirikawiri siikhala ndi mlumikizi n'komwe. Chizindikiro chake chimabisala mkati mwa mneni. Taonani "-ta-" m'chiganizo chakuti "Mvula itagwa, alimi anabzala chimanga", kapena "-ka-" m'chakuti "Mukafika ku Zomba, mudzaone phiri", kapenanso "-sana-" m'chakuti "Tinanyamuka dzuwa lisanatuluke." Mukanena kuti "Mvula itagwa" n'kukhala chete, ngakhale mwana wamng'ono adzakufunsani kuti, "Ndiye chinachitika n'chiyani?" Funso limenelo ndiwo muyeso wodalirika kuposa mndandanda uliwonse woloweza. Nthambi yotere ikatsogola, ikani mpatuliro isanayambe nthambi yoima payokha.

Samalaninso ndi nkhani ya mwininkhani pamene mukulumikiza nthambi. Mukalemba kuti "Atafika kunyumba, amayi anamukalipira", wowerenga sadziwa ngati anafikayo ndi amayiwo kapena wokalipiridwayo, popeza "a-" akhoza kuimira aliyense mwa awiriwo. Ndi bwino kumutchula: "Mwanayo atafika kunyumba, amayi anamukalipira."

Pa nthambi ya mfotokozi, "-mene" ayenera kugwirizana ndi gulu la dzina limene akulifotokoza ndiponso akhale pafupi nalo, monga "chitsime chimene tinakumba", "mtengo umene unagwa" ndi "khasu limene linathyoka". Tengani chimangirizo chanucho, muwerenge mokweza chiganizo chilichonse pachokha kuyambira chomaliza kubwerera m'mbuyo, ndipo paliponse pamene pakukusiyani mukudikira china, fufuzani nthambi imene yasiyidwa kuseri kwa mpumiro kuti muilumikize ndi inzake.