Kodi opaleshoni yochepetsa chifu ingathetse shuga?

Mayi wina wa ku Ulongué, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, watitumizira imelo. Amalemera makilogalamu 118, kutalika mamita 1.62, ndipo papita zaka 4 akumwa mankhwala a shuga a metformin. Akufunsa ngati opaleshoni yochepetsa chifu ingawachotsere shuga.

Mayi, gawani 118 ndi 1.62, yankholo muligawenso ndi 1.62. Mupeza 45, ndiyo BMI yanu, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake. Madokotala amavomereza opaleshoniyi kuyambira pa 35, ndiye kulemera kwanu kwakwana.

Njira zodziwika ndi ziwiri. Pa sleeve gastrectomy amachotsa pafupifupi 80 peresenti ya chifu, nkutsala chonga nthochi. Pa gastric bypass amasiya kathumba konga dzira nkukalumikiza ku matumbo aang'ono. Ngati mumavutika ndi chilungulira, sleeve ikhoza kuchikulitsa.

Shuga wa mtundu wachiwiri amatsikadi, nthawi zina m'masiku oyamba thupi lisanayambe nkuchepa komwe, chifukwa mahomoni a m'matumbo amasintha. Mwayi ndi waukulu kwa amene sanadwale zaka zambiri komanso sanayambe kubaya insulin, ngati inuyo. Koma "kuchira" sitikulonjeza: kwa ena shuga amabwerera patapita zaka.

Ntchito yeniyeni imayamba mukabwerera kwanu. Pafupifupi masabata awiri oyamba ndi zamadzimadzi zokha, kenako phala losalala, kenako zofewa. Nsima yolimba imatsamwa pachifuwa nkukusanzitsani, ndipo mukadzayambiranso, sipuni ziwiri zokha mwakhuta. Malo pochepa chonchi ayambe kulowa ndi mazira, nkhuku kapena kapenta wa ku Cahora Bassa wosinja, kuti mupeze magalamu 60 a mapuloteni pa tsiku. Madzi musamwere pa chakudya, dikirani mphindi 30. Komabe pamafunika lita imodzi ndi theka pa tsiku, pang'onopang'ono, ndipo amene akudziwa dzuwa la mumzinda wa Tete mu October akumva chifukwa chake tikulimbikira apa. Thobwa wothira shuga kapena Fanta pambuyo pa bypass amabweretsa thukuta, chizungulire ndi kutsegula m'mimba, chifukwa zotsekemerazo zimagwera m'matumbo nthawi imodzi.

Vitamini B12, ayironi ndi kashiamu ndi zoti muzimwa moyo wonse. Mukazisiya, magazi amachepa ndipo mapazi amachita dzanzi. Mankhwala opha ululu a ibuprofen ndi diclofenac mukasiye, amayambitsa zilonda pa msoko, pamene asoka chifu. Musanatenge pakati mudikire miyezi 12 mpaka 18. Mtima ukamathamanga, thupi nkutentha, m'mimba nkumapweteka m'masabata oyamba, mwina msoko ukudontha. Thamangani kuchipatala usiku womwewo.

Kaya mukachitira ku Johannesburg kapena kwina, musalipire kanthu musanapeze dokotala wa kufupi woti azidzakuyezani magazi ndi kuchepetsa mankhwala anu a shuga. Yambani ndi amene amakulemberani metformin: muwapemphe kalata yokawonana ndi dokotala ku Hospital Provincial de Tete, ndipo mukafunse zoyezetsa HbA1c, kuyeza magazi koonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi itatu yapitayi.