Zitsulo zakana kukwera: muwonjezere tsiku kapena muchotse?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Area 25. Amanyamula zitsulo masiku 6 pa sabata, skwati yake (kunjuta ndi kudzuka chitsulo chili pamapewa) yaima pa makilogalamu 90 kwa miyezi iwiri, ndiye akufunsa ngati ayambe kupita ku jimu Lamulungu lomwe. Kumapeto kwenikweni anangotchula modutsa kuti amagwira ntchito yokweza ndi kutsitsa matumba ku Kanengo.

Achimwene, imelo yanu ndinaiwerenga katatu, ndipo ulendo uliwonse dzanja limapita lokha paphewa langa lamanja.

Ine zitsulo ndinayambira ku Kawale, kuseri kwa nyumba ya mnzathu wina. Bar yeniyeni ya makilogalamu 20, chitsulo chachitali chokolekapo zolemera uku ndi uku, tinalibe. Tinali ndi paipi yamadzi, uku ndi uku titaumbirako simenti m'zitini za penti, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe ankadziwa kulemera kwake. Benchi inali thabwa losanjika pa njerwa. Tinkakumana 5 koloko mbandakucha tsiku ndi tsiku, ndipo wojomba tinkamunena mpaka achite manyazi. Nthawi imeneyo ndinkagwira ganyu pamalo ena omanga nyumba ku Area 49. Ndikachoka pa benchi ndinkapalasa njinga kudutsa tauni yonse, kukafika n'kuyamba kusenza simenti ndi kukankha wilibala mpaka dzuwa kupendeka. Madzulo nsima ya ndiwo zamasamba, kugona mochedwa, mawa chimodzimodzi.

Miyezi yoyamba thupi linkavomera, ndipo izi n'zimene zimanyenga anthu. Woyamba kumene amakula ngakhale akuchita zolakwika. Kenaka zinthu zinayamba kusintha mwakachetechete. Tulo tinayamba kuvuta ngakhale ndili wotopa. Chakudya chinasiya kukoma. Chitsulo chomwe ndinkachikankha kakhumi chinayamba kundikanika pa kachisanu ndi chimodzi, ndipo yankho langa linali ngati lanuli: ndiwonjezere. Ndinayamba kubwereranso madzulo. Phewa litayamba kubaya ndinkangopaka mankhwala otentha aja n'kugonanso pa thabwa. M'mawa wina mu Okutobala dzanja linangofooka chitsulo chili m'mwamba, anzanga n'kuchiwakha chisanandigwere pakhosi. Kuchipatala anandiuza kuti ndisanyamule kanthu kolemera. Ndinakhala miyezi inayi osagwira chitsulo, ganyu ija inapita kwa wina, lendi ndinachita kukongola. Mpaka lero kukazizira mu Juni phewali limandikumbutsa.

N'chifukwa chake mzere wanu wa ku Kanengo uja ndi umene ndaugwira. Thumba la feteleza ndi makilogalamu 50. Mukakweza matumba ambirimbiri pa lole, msana, miyendo ndi manja zagwira kale ntchito yomwe dedilifiti (kudzutsa chitsulo kuchokera pansi mpaka mutaimirira) ndi skwati zimafuna. Thupi silisiyanitsa kuti ichi n'cha ku jimu, ichi n'cha abwana. Inu mumawerenga masiku 6, koma msana wanu ukuwerenga maulendo 12.

Mphamvu sizibwera pamene muli pansi pa chitsulo. Pamenepo mumangotopetsa minofu ndi kuiuza kuti ikufunika kulimba. Kumanga kwenikweni kumachitika mukachokapo, kwa tsiku limodzi kapena awiri, mukudya ndi kugona. Mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa ndiye imachedwa kwambiri chifukwa magazi amafikako ochepa, n'chifukwa chake zigongono, mawondo ndi mapewa ndi zimene zimayamba kudandaula. Katswiri wa sayansi Hans Selye anafotokoza kalekale mu 1936 kuti thupi likapanikizika limayamba ladzidzimuka, kenaka limazolowera n'kulimba, koma kupanikizako kukapitirira osalekeza limatheratu. Inu mwayandikira gawo lachitatulo.

Anthu amene anaphunzitsa ambiri kunyamula bar ankadziwa zimenezi. Mark Rippetoe wa ku Texas amapatsa oyamba masiku atatu okha, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, maseti atatu a maulendo asanu (seti ndi kunyamula motsatizana kenaka n'kupuma), dedilifiti seti imodzi basi. Mphunzitsi wake, Bill Starr, yemwe ankalimbitsa osewera mpira wa ku America m'ma 1970, ankagawa sabata kukhala tsiku lolemera, lopepuka ndi lapakati. Komatu awa ankaphunzitsa anthu odya mokwanira, ambiri mwa iwo osasenza thumba ndi limodzi lomwe kuntchito. Ngati iwo ankaona kuti masiku atatu akwana, ife a nsima ndi ganyu tikufuna chiyani ndi masiku 7?

Ndikudziwa, wina akuuzani za onyamula zitsulo a ku Bulgaria a mphunzitsi Ivan Abadjiev omwe ankanyamula kangapo pa tsiku. N'zoona. Koma imeneyo inali ntchito yawo yokhayo, ankaphikiridwa ndi kusamalidwa, ndipo timu yawo inagwidwa kangapo ndi mankhwala oletsedwa. Zimandipweteka ndikaona mnyamata akuonera tizidutswa ta pa Facebook n'kumadziyesa wolephera chifukwa wapuma Lachinayi. Ndinenetsa: chizolowezi cha m'majimu athu chotcha wopuma kuti waulesi chavulaza anyamata ambiri kuposa zitsulo zosaumbidwa bwino. Wokunyozaniyo sadzakulipirirani lendi mukadzagona.

Ndipo kupuma popanda kudya n'kungokhala chabe. Munthu wonyamula zitsulo amafuna mapuloteni pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Wolemera makilogalamu 70 ndiye kuti magalamu oposa 100 pa tsiku, pamene dzira limodzi lili ndi 6 okha. Musathamangire ufa wa m'zigubu wodula uja. Usipa, bonya, soya pieces, nyemba, mtedza ndi chambiko zimagwira ntchito, bola zizipezeka m'mbale tsiku lililonse. Tulo natonso maola 7 kapena 8, ngakhale ndikudziwa kuti kutentha kwa Okutobala ndi Novembala m'nyumba ya malata yopanda siling'i kumalanda tulo. Miyezi imeneyo ineyo ndimachepetsa dala zolemera.

Tsono muchite chiyani

Lamulungu lisiyeni. Yambani mwapuma sabata yathunthu. Mukabwerera, masiku atatu: Lolemba lolemera popeza mwachokera kopuma, Lachitatu lopepuka, Lachisanu lapakati. Skwati itsikire pa 80, muziwonjezera makilogalamu 2.5 Lolemba lililonse ngati maseti onse atheka bwino. Dedilifiti kamodzi pa sabata. Nyengo imene malole achuluka ku Kanengo, masiku awiri akwana. Ululu wobaya m'mfundo si wopirira, pitani kuchipatala.

Vuto mudzakumana nalo ndi loti majimu ambiri a m'makomboni alibe timapuleti ta makilogalamu 1.25 tokoleka uku ndi uku kuti 2.5 ija ikwane, ndiye munthu amakakamizika kulumpha ndi 5 kapena 10 nthawi imodzi n'kumadabwa kuti wakanika. Anga ndinakadulitsa kwa owotcherera ku Biwi, tizitsulo tiwiri toboola pakati, ndinakatiyezetsa pa sikelo ya wogulitsa nyama, ndipo ndimayenda nato m'chikwama. Dulitsani anu, mugulenso kope lolembamo zomwe mwanyamula ndi maola omwe mwagona, mundilembere pakatha masabata 6.