Kwa ofuna kulawa mowa wa craft ku Cape Town ndi ndalama zochepa

Achimwene, mwafunsa kuti popeza mwakhala ku Cape Town kwa chaka tsopano ndipo mumaona mabotolo ndi zitini za mowa wa craft zili mbwee m'mashopu, mungayambire pati kulawa pamene ndalama imene mungapatule ndi R200 yokha pamwezi, popeza ina yonse imapita ku lendi ndi kumudzi. Ine ndakhala kuno zaka zingapo ndipo ndinatayapo ndalama pa mowa umenewu ndisanaudziwe bwino, choncho mundilole ndiyankhe motalikirapo.

Mowa wa craft ndi wofululidwa ndi makampani ang'onoang'ono, pang'onopang'ono, ndipo wofulula aliyense amakhala ndi kafululidwe kake. Kwa ife amene tinakula tikuona amayi akuyanika chimera padzuwa, nkhaniyi si yachilendo, chifukwa m'mudzi aliyense ankadziwa kuti masese a uje ndi okoma kuposa a uje ngakhale onse afulula ndi chimanga chomwecho. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno chimera chake ndi cha barele kapena tirigu, ndipo amathiramo hops, maluwa a chomera china choyanga amene amapatsa mowa kuwawa ndi fungo. Mtengo umakwera chifukwa ofululawo amagula zipangizo zochepa nthawi imodzi, zina n'zochokera kunja, ndipo amathira chimera ndi hops zambiri kuposa makampani akuluakulu. Ndi ndalama ya chitini chimodzi cha craft mukhoza kugula botolo lalikulu la 750ml la Castle kapena Black Label n'kutsalako chenji. Munthu amene akufuna kuledzera asavutike ndi mowa umenewu. Koma inu mwati mukufuna kulawa, ndiye langizo langa lalikulu n'lakuti ndalama yanu izigula mitundu yosiyanasiyana ya mowa, umodziumodzi, mpaka mutadziwa mtundu umene lilime lanu limakonda. Musagule paketi ya zitini zisanu ndi chimodzi ya mowa umene simunaulawepo, ngakhale atatsitsa mtengo.

Ndikati mtundu sindikunena dzina la kampani. Pachitini pamalembedwa mawu monga lager, pilsner, weiss, pale ale, amber ale, IPA kapena stout, ndipo mawu amenewa ndi amene amakuuzani chimene chili m'katimo. Ambirife tinazolowera lager, chifukwa Green ndi Kuche Kuche zimene timamwa kwathu zili m'gulu limeneli, chimodzimodzinso Castle. Ma lager a craft abwino alipo, monga Brewers Lager ya Jack Black, kampani imene inayamba mu 2007, Slow Beer ya Darling Brew, ndi lager komanso pilsner za Cape Brewing Company, imene anthu amangoti CBC. Gulani umodzi wokha pa imeneyi, muumwe pambali pa mowa umene munazolowera, ndipo mudzamva kuti chimera chake chikumveka kwambiri. Maganizo anga ndi akuti kwa munthu wa ndalama zochepa kusiyanako sikufika pa kusiyana kwa mtengo, choncho musachedwepo.

Pamene ndingakonde kuti muikepo ndalama yanu yoyamba ndi pa mowa wa tirigu, umene amaulemba kuti weiss. Mowa umenewu unachokera ku Bavaria m'dziko la Germany, ndipo umaoneka wambuu chifukwa sausefa n'kuchotsamo yisiti. Anthu ena akauona choncho amaganiza kuti waonongeka, koma munthu amene anamwapo Chibuku kapena masese sangadabwe ndi mowa wosayera mbee. Suwawa kwambiri, uli ndi thovu lambiri, ndipo umanunkhira ngati nthochi yakupsa ngakhale kuti simuthiridwa nthochi. Fungolo limachokera ku mtundu wa yisiti imene amagwiritsa ntchito. Amber Weiss ya CBC ndi imene ine ndimapatsa alendo ochokera kumudzi, ndipo sindinaonepo wina akusiya tambula yosatha. Kampaniyi ili ku Paarl, ndipo inayamba ndi katswiri wofulula wa ku Germany, Wolfgang Koedel, n'chifukwa chake mowa wa kafululidwe ka Chijeremani amautha. Jack Black nayo ili ndi Atlantic Weiss. Pali m'bale wake wa weiss wochokera ku Belgium, wotchedwa wit, amene amathiramo makoko a malalanje ndi njere za coriander, ndipo chitsanzo chake chosavuta kupeza ndi Bone Crusher ya Darling Brew. Kampani imeneyi, imene inayamba mu 2010, imatchula mowa wake potengera nyama zakutchire, ndipo wophwanya mafupa amene akunenedwa pamenepa ndi fisi. Mukalawa weiss ndi wit motsatizana mudzakhala mutaphunzira zambiri pa ndalama yochepa, chifukwa zonse ndi za tirigu koma kakomedwe kake n'kotalikirana.

Mukachoka pamenepo pitani ku amber ale kapena pale ale. Amber ale ndi wofiirira ndipo amamveka kutsekemera kwa chimera chokazinga pang'ono, monga mmene alili Lumberjack ya Jack Black. Pale ale ndiye khomo lolowera kwa hops, chifukwa kuwawa kumayamba kumveka ndipo fungo limapita ku zipatso. IPA muisiye kumapeto. Ndikudziwa kuti anthu okonda mowa wa craft amaitamanda kwambiri, ndipo King's Blockhouse IPA ya Devil's Peak ndi imodzi mwa zodziwika kwambiri m'dziko lino, koma kuwawa kwake kumadzidzimutsa munthu amene wangochoka pa lager, ndipo ambiri amene amayambira pamenepo amagamula kuti mowa wonse wa craft ndi mankhwala a malungo. Mukafika pa IPA lilime litazolowera pale ale, mudzamva kuti kuseri kwa kuwawako kuli fungo la malalanje, mango ndi mitengo ya paini. Pachitini china pamalembedwa nambala ya IBU, imene imayeza kuwawa: lager wamba amakhala cha m'ma 20 kapena kutsika, pamene IPA kawirikawiri imapitirira 40. Mukaona mawu akuti Southern Passion kapena African Queen, dziwani kuti amenewo ndi maina a hops wa konkuno, wolimidwa kufupi ndi tawuni ya George.

Za mowa wakuda sindinena zambiri. Musanalipire stout ya craft, gulani Castle Milk Stout, imene ndi yotsika mtengo ndipo imapezeka paliponse. Mukaona kuti kukoma kwake kokhala ngati khofi wopserera sikukusangalatsani, mwapulumutsa ndalama, chifukwa ma stout a craft amangowonjezera kukoma komweko.

Chinthu chimene chimataya ndalama za anthu ambiri ndi mowa wokhalitsa. Ine ndinagulapo zitini zinayi za IPA pa shopu ina imene inatsitsa mtengo ndi theka, ndipo ndinapita kunyumba ndikudziona wochenjera. Nditatsegula ndinapeza fungo lonse litathawa, patangotsala kuwawa kouma ndi kakomedwe konga katoni yonyowa, ndipo nditayang'ana pansi pa chitini ndinaona kuti tsiku lake linali litatsala pang'ono kutha. Fungo la hops silichedwa kuzilala, makamaka mowa ukakhala pamalo otentha, kotero kuti IPA ndi pale ale zimakoma kwambiri m'miyezi itatu yoyambirira zitangofululidwa. Muziyang'ana tsiku nthawi zonse, ndipo ngati pali kusankha muzitenga wa mufiriji osati wa pashelefu. Kutsitsa mtengo n'kwabwino pa stout kapena mowa wina wakuda wamphamvu, umene supweteka msanga ndi kukhalitsa, koma pa IPA muzikayikira. Kuwala nakonso kumaononga mowa, chifukwa dzuwa likawomba hops amene ali m'botolo limatulutsa fungo loipa, ndipo botolo lobiriwira kapena loyera silitchinga bwino ngati lofiirira. Chitini chimatchinga kuwala konse, choncho musachinyoze poganiza kuti mowa wa m'botolo ndi umene uli wapamwamba.

Njira imene inandithandiza kuposa zonse ndi kusonkherana. Tinali anthu anayi ogwira ntchito pamodzi, ndipo pakutha pa mwezi aliyense ankabwera ndi zitini ziwiri zosiyana ndi za anzake, titagwirizana kale kuti wina abweretsa weiss, wina pale ale, wina amber, wina mtundu umene sitinaulawepo. Chitini cha 440ml mukachigawa panayi aliyense amalandira 110ml, ndipo zimenezo n'zokwanira kudziwa ngati mowa ukukukomerani kapena ayi. Motero munthu amalawa mitundu isanu ndi itatu atalipira iwiri yokha, ndipo mukakumana ndi woipa mwagawana kutaya. Ena mwa ife tinkaseka kuti ndi chipereganyu cha mowa. Kuti zitheke, pitani ku mashopu amene amalola kugula chitini chimodzichimodzi. Nthambi zina za Tops at Spar ndi Checkers LiquorShop zimatero, ndipo zimene zili m'madera amene anthu amagula mowa wa craft kwambiri ndi zimene zimakhala ndi mitundu yambiri komanso katundu watsopano, chifukwa sakhalitsa pashelefu.

Njira ina ndi kupita kumene amafululako. Makampani ambiri ali ndi malo olawirako, kumene mumalipira mtengo umodzi n'kulandira timatambula tingapo ta mowa wosiyanasiyana pathireyi imodzi, ndipo mowawo umakhala watsopano kuposa wa m'shopu iliyonse. Jack Black ili ndi malo otere ku Diep River, kumene n'kofikirika ndi sitima ya pamtunda yopita ku Simon's Town. CBC ili pa Spice Route ku Paarl, ndipo ku tawuni ya Darling, kumene kuli Darling Brew, ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto. Maulendo awiri omalizawa muwasungire tsiku limene wina akupita kale kumeneko, chifukwa ndalama ya mayendedwe yokha ikhoza kumeza R200 yanu yonse musanalawe kanthu. Woyendetsa galimoto tsiku limenelo asamwe, popeza malamulo a kuno salola kupitirira 0.05g ya mowa pa 100ml ya magazi, ndipo kwa ife obwera mlandu wa kupolisi umakhudzanso mapepala. M'mabala ena amene amagulitsa mowa wa pampopi, mukapempha mwaulemu amakupatsani pang'ono kuti mulawe musanaitanitse tambula yonse. Zikondwerero za mowa sindikulangizani panopa, chifukwa mumalipira pakhomo kenako n'kulipiranso mowa.

Mudzamva anthu akukangana kuti kampani yakutiyakuti si ya craft yeniyeni chifukwa inagulidwa ndi akuluakulu. N'zoona kuti Heineken inagula Stellenbrau ya ku Stellenbosch mu 2017 ndipo inagulanso gawo la Jack Black mu 2018. Kwa amene amafuna kuthandiza ofulula ang'onoang'ono mkanganowu ndi womveka, koma kwa inu pakadali pano mowa wa makampani amene anakula ndi umene uli wotsikirapo mtengo, wopezeka msanga, ndiponso wosasinthasintha kakomedwe. Yambirani pamenepo, ndipo ang'onoang'ono monga Aegir Project ya ku Noordhoek muwafike mutadziwa kale chimene mukufuna, kuti mukalipira zambiri muzidziwa chimene mukulipirira. Musakopekenso ndi zithunzi zokongola za pachitini kapena ndi nambala yaikulu ya mphamvu. Chitini cha 440ml cha mowa wa 6% chili ndi mowa weniweni wopitirira 26ml, pamene botolo la 340ml la 5% lili ndi 17ml, ndiye kuti chitini chimodzicho chaposa botolo ndi theka. Amene amamwa IPA ngati akumwa Green amadzuka ndi matsire ndipo sakumbukira n'komwe kakomedwe kake.

Pomwa, musamwere m'chitini kapena m'botolo, chifukwa theka la zimene mwalipira ndi fungo ndipo mphuno iyenera kufikako. Tambula wamba ndi yokwanira malinga ikhale yotsukidwa bwino, yopanda mafuta kapena sopo, poti zimenezi zimapha thovu. Lager ndi weiss zikhale zozizira, koma amber ale, IPA ndi stout muzitulutse mufiriji mphindi khumi musanamwe, chifukwa kuzizira kwambiri kumabisa kakomedwe. Mukamalawa ingapo tsiku limodzi, yambani ndi yopepuka n'kumalizira yowawa kapena yakuda, ndipo lembani mufoni dzina, mtundu, mtengo ndi mawu awiri atatu a mmene mwaumvera, chifukwa pakatha miyezi itatu maina amasokonekera.

Ndikanakhala inu, mwezi woyamba ndikanagula lager imodzi ya craft, Amber Weiss, Bone Crusher, Lumberjack ndi Castle Milk Stout, ndipo ngati R200 yaperewera ndikanasiya lager. Mwezi wachiwiri ndikanagula pale ale ziwiri za makampani osiyana ndi King's Blockhouse imodzi, nditayang'ana tsiku pansi pa chitini. Pofika mwezi wachitatu mudzakhala mutadziwa ngati ndinu wa tirigu, wa chimera kapena wa hops, ndipo pamenepo m'pamene paketi ya zitini zisanu ndi chimodzi yotsitsidwa mtengo imayamba kukhala yopindulitsa.